Kamtima ka pa Botolo

Pansi pa nyumba ina yosanja, pafupi ndi khomo lalikulu, panali kamalo kogulitsira tiyi ndi khofi. Matebulo anali atatu okha, limodzi logwedera mwendo. Mtsikana wogulitsa pamenepo aliyense ankamutchula Kasupuni, chifukwa anali wochepa thupi ndipo m'thumba la epuloni yake simunkasowa supuni yaing'ono.

Lolemba lina m'mawa kunabwera mwamuna wamtali wa shati yoyera, amene anali atangoyamba ntchito m'sitolo ya magalasi a maso m'chipinda cham'mwamba. Anaitanitsa tiyi. Kasupuni atanyamula jagi ya mkaka, mwamunayo anatchinga kapu ndi dzanja.

"Pepani asisi, mkaka wa ng'ombe umandiwenga. Mulibe wa amondi?"

Kasupuni anafunsa kuti amondiyo ndi nyama yanji, nanga amaikama bwanji. Wamagalasi anaseka mpaka kuvula magalasi ake. Anafotokoza kuti ndi mtundu wa mtedza, amaunyika m'madzi, kuugaya ndi kuusefa, ndiye pamatuluka madzi oyera onga mkaka. Anati wa m'masitolo umapezeka mwa apo ndi apo, ndipo ukapezeka umakhala wodzaza shuga. Tsiku limenelo anamwa tiyi wopanda mkaka, akukwinya nkhope ngati akumwa mankhwala.

Amati chifundo chinapha nkhwali. Kasupuni mwambiwu ankaudziwa bwino, koma nkhwali yake sankaganiza kuti ingakhale iyeyo.

Ataweruka anakagula kapaketi ka amondi, nafufuza pa foni kapangidwe kake. Ulendo woyamba unatuluka wamisere ngati wathiridwa mchenga. Wachiwiri unali madzi okhaokha. Mkulu wake, telala amene anamulera chimwalirire amayi awo, anangoima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno.

"Iwe, amene wakuyambitsa kukama mtedza ndani?"

"Ndi kasitomala chabe, asisi."

"Kasitomala chabeyo ali ndi ndevu?"

Komabe mkulu wakeyo anapita pamakina, nadula nsalu yoyera yopyapyala, naipinda m'mbali bwinobwino kuti akhale nayo yosefera.

Ulendo wachitatu zinatheka. Kapu imodzi ya amondi yonyikidwa tsiku lathunthu, kusenda makoko, makapu anayi a madzi, kamchere kotsina ndi zala ziwiri, kugaya, kenako kufinya m'nsalu mpaka manja kuwawa. Atamuthirira m'tiyi mawa lake, Wamagalasi anamwa pang'ono, natseka maso.

"Mwapanga nokha? Chifukwa cha ine?"

"Chifukwa cha nkhope yanu ija. Imathamangitsa makasitomala."

Chikondi chinayambira pamenepo, pa tebulo logwedera lija. Pasanathe mwezi, mawu oti "inu" anali atasowa pakati pawo. Wamagalasi ankamutchula Shuga wanga. Kasupuni ankamutchula Maso anga, ndipo akangotero ankadziseka yekha ndi manyazi.

Mauthenga a pa foni ankatsika kuchokera m'mwamba ngati mvula yowaza.

"Shuga wanga, ndayeza maso a anthu khumi lero, koma palibe okongola ngati ako."

"Gwira ntchito iwe, ungapatse agogo a eni ake magalasi olakwika."

"Ndikalakwitsa mlandu ndi wako. Iwe ndi ine mpaka tsitsi litayera ngati mkaka wako."

Kenako Wamagalasi anapempha kuti azitengako wina kunyumba, poti kumapeto kwa sabata ankavutika. Amondi ankabweretsa yekha. Kasupuni anapeza mabotolo awiri a zotsekera zobiriwira, ndipo Lolemba ndi Lachinayi lililonse ankamudzazira limodzi. Mkaka wotere suchedwa kusasa, ukapitirira masiku anayi mufiriji ndiye wotaya, choncho ankamata kapepala pabotolo ndi kulembapo tsiku. Pambali pa tsikulo ankajambula kamtima. Kanali kamtima kopendekera kumanzere, kokhala ndi kamchira pansi, poti cholembera chake sichinkadziwa kuima msanga.

Mkulu wake sanali wokhutira. Ankafunsa kuti munthuyo amakhala kuti, abale ake ndani, nanga bwanji foni yake imazima dzuwa likangolowa. Kasupuni anali ndi mayankho onse. Amakhala kutali ndi mchimwene wake wovuta. Foni amazimitsa chifukwa kuwala kwake madzulo kumawononga maso.

"Ndiye kuti Loweruka ndi Lamlungu maso amawonongeka ngakhale masana?"

Funsoli linamulasa Kasupuni, koma analikankhira kumbali. Kodi munthu wodziwa za maso ungatsutsane naye pa nkhani ya maso? Kodi munthu amene amatsika masitepe katatu patsiku kudzangokuona angakhale wabodza? Tikakonda timapusa mokoma, ndipo wotichenjeza timamuona ngati wansanje.

Patatha miyezi isanu, Kasupuni analimba mtima namuuza kuti mkulu wake akufuna kumuona. Wamagalasi anamugwira dzanja pamwamba pa tebulo.

"Loweruka likubwerali ndifika. Ndikupita kumaphunziro a ntchito kuyambira Lachitatu, ndibwerako Lachisanu. Auze asisi kuti mlamu wawo akubwera, ndipo akubwera ndi mawu."

Mtsikanayo sanaponde pansi sabata imeneyo! Mkulu wake, ngakhale ankang'ung'udza, anasoka nsalu yatsopano ya patebulo, nabwereka mipando iwiri kwa oyandikana nawo. Anati ngati munthuyo ndi woona, iye adzakhala woyamba kupepesa.

Lachinayi m'mawa Kasupuni anapangabe mkaka, poti manja anali atazolowera. Anauika m'jagi mufiriji ya kuntchito kuti udikire mwini wake.

Masana, makasitomala atachepa, kunalowa mayi wina wooneka wotopa koma waulemu, atagwira dzanja mwana wamkazi wa zaka ngati zisanu. Anapereka moni, natulutsa m'chikwama botolo lotsuka bwino. Linali la chotsekera chobiriwira.

"Pepani asisi, amayi achikulire aja alipo? Amene amapanga mkaka wa amondi?"

Kasupuni anayankha kuti pamalopo amagwira yekha, ndipo mkakawo amapanga ndi iyeyo.

"Ooh, ndiye ndinamva molakwika. Bambo ake a mwanayu amagwira ntchito m'mwambamu, kwa magalasi. Ndi amene amatigulira kuno. Apita kumaphunziro, ndiye botolo la Lolemba mwanayu analigwetsa dzulo, wonse unatayika."

Kasupuni anagwira m'mphepete mwa tebulo. Nkhope yake inapitiriza kumwetulira yokha, monga imachitira nkhope ya munthu wogulitsa malonda.

Mayiyo anapitiriza kulankhula momasuka. Anati mwanayo mkaka wa ng'ombe umamuwenga chibadwire, akangolawa thupi lonse limachita zidzolo ndipo m'mimba mumawira. Adokotala anawauza zakudya zina zomupatsa kuti thupi lisaperewere kanthu, poti wa amondi sulowa m'malo mwa zonse, koma mwana ndi mwana, ankalira akaona anzake akumwa tiyi woyera. Chiyambire kubwera kwa mabotolo aja, m'nyumba munalowa mtendere.

"Nanga bambo ake?" Kasupuni anafunsa. "Nawonso umawawenga?"

Mayiyo anaseka.

"Amenewo? Amamwa ngati mwana wa ng'ombe. Yogati kwathu sagona mufiriji."

Miyezi isanu! Manja kuwawa ndi kufinya, zala kutuwa ndi kusenda makoko, ndipo chinthu choyamba chimene mwamunayo anamuuza chinali kale bodza. Kasupuni anafuna kulira, anafunanso kuseka, koma mwana anali kumuyang'ana ndi maso aakulu ofanana ndendende ndi a bambo ake.

Anatenga botolo lija, natsegula firiji, nalidzaza mosamala. Anadula kapepala, namata, nalemba tsiku. Mutu wake unali kwina, ndipo dzanja linachita zimene linazolowera. Asanazindikire, kamtima kanali katakhala kale pamenepo, kopendekera kumanzere, ndi kamchira kake.

Mwana analumpha.

"Amama, taonani, kamtima ka adadi!"

Kenako anatembenukira kwa Kasupuni, namufotokozera monyadira kuti adadi amamujambulira kamtima pa botolo lililonse chifukwa amamukonda kwambiri. Iye amamatula timapepalato ndi kutimata pakhoma pafupi ndi bedi lake, ndipo tsopano tafika pafupi ndi zenera.

Mayi uja sanalinso kuseka. Anayang'ana kamtimako, nayang'ana cholembera, kenako nkhope ya mtsikanayo. Akazi awiri safuna womasulira pa nkhani ngati imeneyi.

"Ndinu?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndine, mayi. Sindinkadziwa. Loweruka amayenera kubwera kwathu kudzaonana ndi mkulu wanga."

Mayiyo anakhala pansi pang'onopang'ono pa tebulo logwedera lija. Sanakalipe, sanatukwane. Anangokonza kolala ya diresi ya mwana wake, ngakhale inali yokonzeka kale. Kasupuni akanakonda kumenyedwa mbama kusiyana ndi kuona zimenezo.

Mwana anakoka epuloni yake.

"Anti, mwadziwa bwanji kujambula ngati adadi?"

Kasupuni anayang'ana mayi a mwanayo. Kenako anagwada kuti alingane naye msinkhu.

"Ndinaonera kwa iwo, mwanawe. Koma awo ndi amene amajambula bwino."

Anadzuka msanga misozi isanagwe. Anang'amba pepala m'kabuku kake nalemba zonse: kapu imodzi ya amondi, kunyika tsiku lathunthu, kusenda, makapu anayi a madzi, kamchere, kugaya, kufinya. Analembanso kuti ukakhalitsa umalekana, madzi pamwamba zoyera pansi, koma si kuwonongeka, amangofunika kukhutchumula. Kenako anatulutsa m'chikwama chake nsalu yosefera ija, yochapa ndi yopinda bwino, naiika pamwamba pa pepalalo.

"Si zovuta, mayi. Ulendo woyamba umatuluka wamisere, musataye mtima. Mwanayu asasowe mkaka chifukwa cha ife akuluakulu."

Mayiyo anatenga zonse, naziika m'chikwama. Atafika pakhomo anatembenuka nati sawaimbira foni bambowo, adikira kuti afike kunyumba adzaonane maso ndi maso. Anathokoza chifukwa cha mkakawo, ndipo kuthokozako kunali koona.

Kunyumba Kasupuni anapeza mkulu wake akusita nsalu ya patebulo ija. Anafotokoza zonse ataima pakhomo, chikwama chikadali paphewa. Telalayo, amene pakamwa pake sipankasowa chonena, sananene kuti ndinakuuza. Anazimitsa simbi, namukumbatira, ndipo mng'ono wakeyo analira mpaka phewa la diresi linanyowa.

Lachisanu masana uthenga unalowa.

"Shuga wanga, ndatsika basi. Ndikudzera kwa iwe kaye ndisanapite kulikonse. Mawa ndi tsiku lathu."

Kasupuni anabwezera foni m'thumba la epuloni. Patapita kanthawi Wamagalasi analowa ndi kachikwama ka paulendo, akumwetulira ngati munthu amene dziko lonse ndi lake. Anakhala pamalo pake pa masiku onse, nati wamusowa kwambiri, ngakhale tiyi wa kumaphunziroko sankatsika pakhosi.

"Mwafika bwino, bambo?"

Mwamunayo anakweza nsidze. Mawu oti "bambo" anali asanawamve pakamwa pamenepo kwa miyezi yambiri, koma anaganiza kuti ndi nthabwala.

Kasupuni anabweretsa kapu ya tiyi. Anabwerera kufiriji, natenga paketi ya mkaka wa ng'ombe, yokhala ndi chithunzi cha ng'ombe yamawanga pamwamba pake. Anaitsegula pamaso pake, nathira m'kapumo pang'onopang'ono mpaka tiyi anayera. Anatulutsa kasupuni kake m'thumba, natakasa, naiika paketiyo patebulo ng'ombe itayang'ana kwa mwamunayo.

"Shuga wanga, waiwala? Umandi..."

"Imwani, bambo. Mwana wanu ali ndi maso ngati anu."

Wamagalasi anayang'ana ng'ombe ya papaketi ija. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Kasupuni anaima pomwepo manja ali m'thumba la epuloni, mtima ukumuwawa kwambiri, pakuti munthu amene ankamukondayo anali akadali ndi nkhope yomweyo.

Posowa chochita ndi manja ake, mwamunayo ananyamula kapu ija namwa. Anamwa yense mpaka pansi.

"Wakuwengani?" anafunsa Kasupuni.

Mtsikanayo anachotsa kapu, napukuta tebulo, natembenukira kwa kasitomala amene anali atangolowa kumene.