Mafunso a Ludwik

Jagoda anakumana naye pa siteji ya basi ku Stryków, m'mawa wina chifunga chitaphimba misewu. Basi inachedwa, ndiye bambo wina wa jekete yakuda anaimitsa galimoto n'kumutenga. Dzina lake anali Ludwik.

Pasanathe mwezi, foni ya Jagoda inali itadzaza mauthenga. "Duwa langa, wadya?" "Dzinja likangotha ndikakuonetsa kwa amayi ku Toruń."

Jagoda ankagwira ntchito mu ofesi ya kampani yosunga ndi kutumiza katundu wa makampani ena. Ludwik ankati amagulitsa inshuwalansi, koma mafunso ake anali achilendo. Akudya pierogi ankafunsa kuti malole amadikira nthawi yaitali bwanji pageti, ngati denga likudonthabe, komanso kuti lendi ya nyumba yosungiramo katunduyo itha liti. Jagoda ankayankha zonse. Ndi mwamuna uti anamvetserapo chonchi nkhani za kuntchito kwake?

Mnzake Bożena, wonyamula katundu pa makina, sanamukonde munthuyo.

"Iwe, ameneyu akufunsira iweyo kapena nyumbayi?"

Jagoda anaseka, koma tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Kenako kunayamba kubwera anthu a zipewa zoyera, kumayeza mashelefu osapereka moni. Mauthenga a Ludwik anafupika, kenako zii.

Lachisanu lina bwana anasonkhanitsa antchito onse. Anati kampani ikusamukira ku nyumba yatsopano kufupi ndi Wrocław, ya zitseko za malole makumi anayi, ndipo ntchito ya onse a ku Stryków itha mwezi ukamatha. Kenako anayamika katswiri amene anawapezera nyumbayo, ati ankadziwa mavuto awo onse asanamuuze n'komwe.

Ludwik anatulukira kumbuyo kwa bwanayo, mphete yaukwati ili pachala.

Jagoda anamutsatira mpaka pagalimoto.

"Zonse zija unkafunira zimenezi?"

"Nyumbayi ndi yakale, wapamtima. Akanasamukabe."

"Nanga ine?"

Ludwik anayang'ana wotchi. Anati anthu akumudikira ku Wrocław, n'kutseka chitseko.

Jagoda atatembenuka anapeza anzake ataima pakhomo la malole, makalata owachotsa ntchito ali m'manja. Onse ankaidziwa galimoto ya Ludwikyo, imene inkamutula Jagoda m'mawa uliwonse. Anafunafuna nkhope ya Bożena, koma Bożena anayang'ana kumbali.