Nyama Yakuda ya Yusmari

Yusmari amakhala mumzinda wa Maracay. Lero akufuna chinthu chimodzi. Akufuna amayi ake adye nyama yakuda.

Amayi akutuluka m'chipatala. Akubwera ndi khanda.

Nyama ilipo imodzi yokha, nthuli yaikulu ya ng'ombe. Ikapserera, palibenso ina.

Bambo ake a Yusmari aipaka adyo. Aipaka mchere. Aipaka shuga wa nzimbe.

Powotchera pali pansi penipeni pa chitofu. Moto uli pamwamba. Nyama ili pansi pa motowo. Koma bambo bondo likuwapweteka. Sangagwade.

"Ndikuonerani ine, adadi!" akutero Yusmari.

Wagona chafufumimba. Wasuzumira.

"Yatani, mwanangu?"

"Ikadali yofiira."

"Nanga pano?"

"Pamwamba yada. Tembenuzani!"

Bambo awerama pang'ono. Aitembenuza ndi foloko yaitali.

Wilmer, mchimwene wake, walowa ndi mpira. Wanunkhiza.

"Utsi! Adadi, yapserera! Nyama n'kuisiyira kamphaka aka?" Akuloza Yusmari.

"Achimwene, mphuno yanuyo imangodziwa nsapato za mpira."

"Chotsani, adadi! Chotsani!" akutero Wilmer.

Bambo atenga nsanza yogwirira.

"Ayi, dikirani!" akukuwa Yusmari. "Mbali iyi ikadali yotuwa. Yotuwa siikoma. Amayi amafuna ide ngati khofi."

"Ide ngati makala!" akutero Wilmer.

Bambo ayang'ana Wilmer. Ayang'ana Yusmari. Adikira.

Shuga akuwira. Thovu likuphulika. Yusmari akuyang'anitsitsa nyamayo. Nkhope yamutentha. Koma sakuphethira.

Yofiirira. Yoderako. Yakuda!

"Tsopano, adadi! Tsopano!"

Bambo aitulutsa. Nyama yada bii. Ikunyezimira.

Bambo adula pang'ono. Alawa. 

"Siikuwawa," akutero bambo. "Ikutsekemera!"

Yusmari walumpha. Wavina kuzungulira tebulo.

Nyama yalowa mumphika. Anyezi alowa. Madzi alowa. Ikuwira pang'onopang'ono mpaka yafewa.

Masana amayi afika. Khanda lili m'tulo. Patebulo pali mpunga, nthochi zokazinga ndi nyama yakuda.

Amayi alawa. Atsinzina. Alawanso.

Nsonga yakuda kwambiri yatsala m'mbale. Wilmer watambasula dzanja.

"Iwe, bweza dzanjalo," akutero amayi. "Nsonga ndi ya wophika."

Apereka mbale kwa bambo. Bambo apukusa mutu. Aikankhira kwa Yusmari.

Yusmari waluma. Msuzi wamudetsa mpaka pamphuno.