Maliro a Tiyamike pa Intaneti

Loweruka madzulo, Tiyamike Kalonga akuchokera kumapiri kokagula mtedza, anapeza masamba atayalidwa pamsewu wolowera kwawo ku Kasakula. Wakabaza anazimitsa njinga. Tiyamike anatsika n'kumayenda wapansi. Pakhomo pa mayi ake panali podzaza anthu. Amayi a Mvano ankaimba nyimbo za maliro.

"Watisiya ndani?" anafunsa mayi wina amene anasenza ndowa ya madzi.

Mayiyo anamuyang'ana, anaponya ndowa ija n'kuthawa akukuwa. Nyimbo inadukira pakati.

Amalume ake ndiwo analimba mtima. Anamugwira dzanja, analifinya, kenako anamuonetsa foni. Pa webusaiti ya bizinesi ya chiponde ya Tiyamike panali chithunzi chake akuseka m'munda, duku litagwera paphewa. Pansi pake panalembedwa kuti: "Ndi chisoni chachikulu tikulengeza imfa ya Tiyamike Kalonga pa ngozi ya njinga yamoto m'mawa uno. Bizinesi yatsekedwa."

Uthengawo unali utazungulira kale m'mafoni. Abale anayesa kumuimbira, koma kumene anapitako kulibe netiweki.

"Nanga amayi ali kuti?"

"Atamva anagwa pakhondepa. Athamangira nawo kuchipatala."

Mayi ake, a Margareta, anatsitsimuka m'mawa wa tsiku lotsatira. Mkono ndi mwendo wakumanja zinali zitafa. Ataona mwana wawo anayesa kumutchula dzina, koma pakamwa panali patapindika.

Lolemba Tiyamike anakadandaula kupolisi. Nkhaniyo anaitenga ndi Sajeni Elifala Chikuse, munthu wamfupi, wosakonda kulankhula zambiri.

"Webusaitiyi anakupangirani ndani?"

"Benjamini Mdzinga wa ku Mvera. Ndinamulemba ntchito chaka chatha. Chiyambire pamenepo, chiponde changa chikufika m'masitolo a ku Lilongwe."

"Pasiwedi yolowera muli nayo?"

"Ayi. Anati zoterozo ndizingomusiyira."

"Munayambanapo?"

"Ngakhale tsiku limodzi."

Sajeni anayang'anitsitsa chithunzi chija, chimene chinali chikuzungulirabe m'mafoni. "Ichi chinalipo kale patsambali?"

Tiyamike anapukusa mutu. "Anandijambula mondidzidzimutsa tsiku limene anabwera kudzajambula munda. Ndinamuuza kuti achifufute."

Apolisi anamupeza Benjamini pamsika wa Mvera akukonza foni ya munthu. Sanalimbane nawo. Kupolisi anafotokoza kuti uthenga wabodzawo anauona Loweruka lomwelo, ndipo anauchotsa atangofika kunyumba.

"Bwanji simunabwere kudzanena?" anafunsa Sajeni.

Benjamini anaweramitsa mutu.

"Uthengawu unaikidwa dzuwa lili pamutu. Inu munali kuti?"

"Ku Msakambewa, bwana. Ndinkajambula ukwati."

"Laputopu munali nayo?"

Benjamini anayankha motsitsa mawu, "Ndine ndinalemba, bwana. Ingonditsekerani."

Sajeni sanamutsekere. Anaimbira foni ankhoswe a ukwati uja. Iwo anati wojambulayo sanachoke pamalopo kuchokera kutchalitchi mpaka perekaniperekani atatha, ndipo ananyamula kamera yokha. Foni yake inali itazima, moti anachita kubwereka ya mkwati.

"Bambo, bodza simulitha," anatero Sajeni kwa Benjamini. "Tiyeni kwanu."

Nyumbayo inali kuseri kwa msika. Pakhonde panali mayi wina akusoka diresi ya buluu pamakina opalasa ndi phazi. Anali Modesta, mkazi wa Benjamini. Ataona apolisi sanaimirire. Anangotembenuza nsalu n'kupitiriza kusoka.

"Mayi, laputopu ya amuna anu imakhala kuti?"

"Pansi pa matilesi. Amaganiza kuti sindidziwa."

"Mumatha kuitsegula?"

"Ndinafika folomu folo, bwana. Pasiwedi yake ndi dzina la chiponde chomwecho."

"Modesta, khala chete," anatero Benjamini.

"Ndikhale chete? Ndakhala chete chaka chathunthu!" Anatembenukira kwa Sajeni. "Tsegulani muone nokha. Zithunzi za mkazi ameneyo zadzaza. Akuseka, akukazinga mtedza, akumanga duku. Amaziyang'ana mpaka chakudya kuzizira patebulo. Akayankhula m'nyumba muno ndi Tiyamike wachita izi, Tiyamike ndi wanzeru, Tiyamike afika patali."

"Ndi ntchito, Modesta. Sindinamugwirepo ngakhale chala."

"Ndikudziwa kuti simunamugwire. Bwenzi ndikupepukidwa mukanatero, ndikanadziwa pomenyera." Makina anapitiriza kulira. "Ine ndasoka pakhonde pano chikwatirane chathu. Ndinakupemphani kuti mundipangireko tsamba langa, anthu aone madiresi anga. Munati chiyani? Nenani pamaso pa abwanawa."

Modesta anayang'ananso Sajeni.

"Anati ndani angagule zosoka za pakhonde. Diresi iyi, bwana, taioneni. Anaijambulapo ngakhale imodzi?"

"Ndiye munaganiza zomupha mnzanu ali moyo?" anafunsa Sajeni.

"Sindinaphe munthu ine. Ndinkafuna kuti ogula amuthawe, ndipo awa aone mmene zimawawira kukhala wopanda iye tsiku limodzi lokha. Wamwalira ngati? Si akuyenda ameneyo?"

"Iye akuyenda. Mayi ake ndiwo sakuyenda."

Phazi la Modesta linaima.

"Atamva kuti mwana wawo wafa anagwa. Mbali imodzi yafa. Sakutha ngakhale kuyankhula."

Modesta anayang'ana mwamuna wake. "Munkadziwa zimenezi?"

Benjamini anavomera ndi mutu.

"Osandiuza?"

Anthu a pamsika anali atayamba kuunjikana kumpanda. Wapolisi wachizimayi amene anabwera ndi Sajeni anatulutsa unyolo, ndipo Sajeni anamuuza Modesta mlandu wake: kulowa m'kompyuta popanda chilolezo ndi kufalitsa uthenga wabodza wovulaza anthu.

Modesta anadula ulusi ndi mano. Anapinda diresi ija bwinobwino n'kuiika m'manja mwa Benjamini.

"Mwini wake abwera Lachisanu. Mpendero sunathe. Mukamuuze zoona."

Kenako anafunsa wapolisi uja, "Mayiwo agonekedwa chipatala chiti? Kodi tingadzere komweko?"

"Njira yathu sidzera kumeneko," anatero Sajeni.

Modesta anatambasula manja ake onse awiri.