Dinani Wani, a Selinah

Lennah anapatsidwa ofu yake yoyamba patatha miyezi inayi chitsekereni anthu m'nyumba chifukwa cha korona kudziko la Aluya komwe ankagwira ntchito. M'basi yochokera kudera la JVC, komwe ankalera ana a madamu ake, ankangomwetulira yekha kuseri kwa masiki. Koma atafika ku Satwa, m'chipinda chomwe mwamuna wake Maxon ankagonamo ndi anzake asanu, palibe anamulandira ngati mkazi amene wasowa. Maxon anangokhala pabedi, nkhope ili ndwii. Levy, mnzake wa ku Chipata, anawayang'ana awiriwo n'kuyamba kufunafuna nsapato.

"Mulamu, ine nayenda," anatero Levy. "Za m'nyumba ni zanu, khalasi, basi."

Chitseko chisanatsekeke bwinobwino, Maxon anali atayamba kale. "Amayi sanadye chiyambire dzana. Chifukwa cha iwe."

Lennah anaidziwa nkhaniyo. Chaka chathacho anamva kuti kwa apongozi ake ku Kapiri, m'boma la Mchinji, kwafika inshuwalansi ya anthu akumudzi: munthu umapereka kangachepe kamodzi pachaka kudzera pafoni, ndipo maliro akagwa banja limalandira thandizo. Ankalembetsa anthu ndi Florah, mlembi wa kalabu ya alimi a mtedza. Pankafunika nambala ya ku Malawi, choncho Lennah anapereka ya apongozi ake, a Nambewe. Podziwa kuti mayiwo mawu oti maliro safuna n'kuwamva komwe, anawanamiza kuti Florah akujambula chiphaso chawo kaamba ka feteleza. Chaka chinatha zii, poti mauthenga a kampaniyo ankabwera olemba ndipo a Nambewe sawerenga.

Koma akampani nawo anatopa ndi anthu osalipiranso chaka chikatha, ndiye anaganiza zanzeru: kumaimbira anthu ndi mawu ojambuliratu a Chichewa. Nzeru zimenezo zinawapeza a Nambewe akusenda mtedza pamphasa ndi amayi anzawo asanu ndi awiri. Makutu awo ndi olemera, motero foni yawo imalankhula mokweza nthawi zonse. Mawu a mtsikana wansangala anamveka bwalo lonse: "Moni a Selinah Mbewe! Inshuwalansi yanu ya maliro itha Lachisanu. Dinani wani kuti ipitirire."

Dzina loti Selinah linali lisanatuluke pakamwa pa munthu kwa zaka makumi atatu. Ngakhale malemu amuna awo ankangoti Nambewe.

"Wawatchula dzina pagulu," anatero Maxon, akumuloza ndi chala. "Wawakumbira manda ali moyo. Mudzi wonse ukuti mkazi wa Maxon wagula kale bokosi kuti atenge munda wa kudambo. Iwe, unaganiza chiyani?"

"Bambo a Thelma, Lachisanulo ndi lero. Ndalama ndinaitumiza kale m'foni mwawo. Mawu aja awaimbira komaliza masana ano, ndipo akapanda kudina, zonse zifafanizika. Kuyambiranso pamafunika kudikira miyezi isanu ndi umodzi asanayambe kuthandiza. Ndi matenda ali kunjawa?"

"Zifafanizike! Amayi anena kuti mkazi wowalaula asadzapondenso pakhomo pawo, ndipo ine sindiwatsutsa. Usankhe lero lomwe, pepala lakolo kapena banja."

Maxon sanali munthu woipa. Ankatha kuyendetsa njinga yamoto tsiku lonse padzuwa lowotcha la mu Julaye osadandaula, koma amayi ake akangotsokomola pafoni ankasanduka mwana wa sitandade wani. Anawaimbira nthawi yomweyo, naika foni pabedi ikulankhula mokweza. "Amayi, ali pano. Apepesa."

Lennah anagwada pansi, pakati pa nsapato za amuna eni ake, ngati kuti apongoziwo akumuona. "Amayi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwanji munthu wakufa?" Mawu a Nambewe anali osasa ndi kulira. "Inu make Thelma, ndinakulakwirani chiyani? Mwana wanu ndikumulera ine. Akadwala usiku ndimamubereka ine kupita naye kuchipatala. Malipiro ake ndi amenewa, kundipereka kwa anthu a mabokosi? Anzanga akundipatsa moni ngati akutsanzikana nane. Munalitenga kuti dzina langa, inu mwana wadzana?"

"Ndinalakwa kukunamizani, amayi. Ndinalakwanso pa dzina lanu. Pazimenezo ndikhululukireni."

"Ndiye uwauze kuti zatha," Maxon analowerera.

Lennah anapukusa mutu, misozi ikunyowetsa masiki yomwe inali pachibwano. "Zimenezo ndiye ayi."

Maxon anamenyetsa chitseko cha kabati yachitsulo mwamphamvu moti poto yemwe anali pamwamba anagwa. "Yala, tiye, tuluka! Bwerera kwa madamu ako! Ankhoswe ndiwaimbira ndekha!"

"Ndituluka," anatero Lennah, ali chigwadire. Anali ndi mantha, koma ukali unali utamufika pakhosi. "Koma muyambe mwamva pepala lomwe mukundisiyiralo, poti nonsenu simunafunse kuti palembedwa chiyani." Anatsegula chithunzi m'foni mwake. "Dzina loyamba, Lennah. Lachiwiri, Maxon. Lachitatu ndiye la amayi. Wolandira thandizo ife tikafa, ndi amayi omwewo."

Lennah anapitiriza osadikira yankho.

"Chaka chatha ndinkangoopa misewu mukuyendamo ndi njingayi. Chaka chino ndaona ndi maso. Prisca uja tinkaimba naye kwaya, mukumukumbukira? Anadwala mu Epulo, Lachitatu lotsatira kunalibe munthu. Anamuika konkuno mumchenga, popanda wachibale ndi mmodzi yemwe. Kwawo ku Ntcheu mayi ake anagulitsa malata a padenga kuti adyetse anthu obwera kudzalira maliro opanda mtembo, ndipo ana ake awiri asiya sukulu. Kunyumba ndikugwirako, bwana anagona m'chipatala masabata atatu. Zovala zake ankachapa ndani? Mbale zake? Madamu ankaima patali n'kumati habibti, wokondedwa wanga, samala. Usiku uliwonse ndinkadzigwira pamphumi kumva ngati ndatentha. Chakudza sichiyimba ng'oma, amayi. Ine sindikufuna munda wanu. Ndikufuna ndikafa kuno, inu musadzasasule denga, Thelma asadzagone pamvula."

"Nanga Thelmayo?" anafunsa a Nambewe motsitsa mawu. "Naye munamulemba?"

"Ayi. Florah anandifunsa, koma pakamwa panakana." Lennah analira mokweza tsopano. "Nanenso ndimaopa, amayi. Mukuganiza kuti sindiopa?"

Maxon anali atakhala pansi, atatsamira kabati yomwe anaimenyetsa ija. Manyazi anamugwira, ndipo sanathe kumuyang'ana mkazi wake. Anapita kumaliro a Prisca iye, maliro a pafoni, anthu akuimba nyimbo aliyense m'kachipinda kake, koma sanaganizepo kuti mkazi wake ankadziona yekha pamenepo.

Lennah anayang'ana foni kuona ngati mayunitsi atha. Kenako a Nambewe anayeretsa kukhosi.

"Make Thelma, ine maganizo anga sindinasinthe. Zinthu zimenezi zimaitana. Munthu sulemba dzina pakhomo la imfa n'kuyembekeza kuti siiwerenga."

"Amayi, chonde..."

"Ndisiyeni ndimalize. Mwati dzina loyamba ndi la ndani?"

"Langa."

"Mwano womwewo! Anakuuzani ndani kuti mwana amatsogola akulu alipo? Ikabwera kudzawerenga pepalalo iyambira pamwamba, si choncho? Ndiye inu mwakadziika pamwamba, mwana wanga pambuyo panu, ine nkhalamba kumapeto ngati mlendo? Mukufuna nditsale ndekha ndi kamwanaka, mano atatha m'kamwa?" Mawu awo anathyoka, koma anapitiriza mwaukali. "Mumuuze Florah lero lomwe afufute. Ayambe ndi langa. Alembe Selinah yemweyo, ndi zilembo zikuluzikulu, isavutike n'kufufuza. Inu mukhale kumunsi kwenikweni."

Lennah anafuna kunena kuti kampani siyang'ana ndondomeko ya mayina, koma anazisiya. Anangogwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Iwe Maxon, ulipo? Za ankhoswezo usiye, ndinalankhula ndi njala. Ndipo mkazi wako adzuke pansipo, ndikudziwa wagwada." A Nambewe anapumira m'mwamba. "Tsono mtsikana wopanda ulemu uja akaimbanso, waniyo ndi kabatani kati?"

Maxon anabisa nkhope m'manja akulira. Anayankha ndi Lennah, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

"Kapamwamba, amayi. Koyambirira, kudzanja lamanzere."