Matapeti Anaulula Mbava

Pikapu inasowa Lachiwiri, 11 koloko m'mawa, anthu ali pikitipikiti mumsewu.

Makaniko wina, amene anzake ankamutcha Khutu chifukwa ankapima matenda a injini pogunditsa sikuludiraiva kukhutu, anaisiya ikulira pakhomo pa garaja yake. Anangodumpha msewu kukagula fyuluta ya oyilo. Pobwerera anapeza mbuto yokhayokha.



Galimotoyo inali ya mayi wina wogulitsa mazira. Anaibweretsa chifukwa cha phokoso la matapeti, tizitsulo tokankha mavavu a m'injini, timene tinkangoti te-te-te ngati makina osokera. Khutu anali atakhetsa oyilo wakale n'kuthiramo mankhwala otsukira injini, amadzimadzi ngati palafini. Mankhwala amenewa amafuna mphindi khumi zokha, injini ikulira koma galimoto itaima malo amodzi.

Pasanathe theka la ola mayiyo, atamva nkhaniyi, anatulukira ndi sajeni wa polisi, bambo wamtali wosadziwa kuseka.

"Makiyi anali kuti?" anafunsa sajeni.

"Momwemo, bwana."

"Injini ikulira?"

"Ikulira, bwana."

"Bwanji simunawatsegulirenso chitseko, n'kuwafunira ulendo wabwino?"

"Ndi pulani imeneyi!" anakuwa mayiyo. "Agwirizana ndi anzawo awa. Mmangeni! Ana anga adya chiyani?"

Sajeni anasolola unyolo. Khutu anauyang'ana. Zaka makumi awiri akugona kunsi kwa magalimoto a eni, osasowetsa ngakhale bawuti. Lero akangolowa m'chitokosi, ndani adzamusiyirenso makiyi?

"Bwana, ndipatseni ola limodzi," anachonderera. "Galimoto ija ilibe oyilo weniweni. Wakubayo akangoiponda, matapeti akuwa ngati akusula makasu. Safika patali. Aima pa makaniko woyamba amene amuone."

"Akapanda kuima?"

"Injini igwirana n'kuferatu."

Mayiyo anakhala pansi, manja kumutu. Sajeni anayang'ana wotchi.

"Ikangokwana hafu pasiti thwelofu, tikupita limodzi."

Misewu yotuluka m'tauniyo inali itatu. Khutu anaimbira amakaniko onse a m'mbali mwake. Pikapu yoyera, nyali yakumanzere yosweka, matapeti akulira. Woyamba anati sanaione. Wachiwiri sanayankhe. Wachitatu anamuseka. Wachinayi anali mlamu wake, wa garaja ya kuseri kwa mlatho, amene anangoti, "Ndamva."



Khutu anakhala patayala, foni ili m'manja.  Galimoto iliyonse yodutsa ankaitchera khutu. Thwelofu inakwana. Mphindi khumi zinadutsa, kenako makumi awiri. Sajeni anayamba kuseweretsa unyolo uja.

Foni inalira.

"Alamu," ananong'ona wa kumlatho, "mlendo wanu wafika. Ndamumva asanakhote n'komwe. Wavala jekete labwino, akuti ndithiremo oyilo wolimba msangamsanga, akuthamangira kuchipatala."

"Yazima?"

"Ndazimitsa ndine."

"Muuzeni izizire kaye. Tsegulani chivundikiro cha mavavu, mabawuti muike m'thumba mwanu. Alamu, chonde, musamuyang'ane kwambiri."

Onse atatu anakwera galimoto ya polisi, Khutu kumbuyo, mayiyo pambali pake. Panjira ankangopenya m'mbali, kuopa kuti munthuyo wanunkhiza kale n'kuliyatsa liwiro. Popanda wakubayo, mawu a mayiyo akanakhalabe pamutu pake.

Sajeni anaimika galimoto kuseri kwa mpanda, n'kutuma Khutu kuti atsogole yekha.

Pikapu inali pamthunzi, boneti ili yasa, ikununkha chitsulo chopsa. Wajekete uja ankazungulirazungulira, akumenya makiyi pantchafu. Ataona ovolosi ya Khutu anamukodola.

"Inunso ndinu makaniko? Thandizani mnzanuyu, akugona. Galimoto yanga iyi, ndakhala nayo zaka zisanu, sinandichitepo zoterezi. Chitsiru china chaigwira m'mawa uno, chaiwonongeratu."

"Chitsirucho ndine, achimwene," anatero Khutu.

Munthuyo anatembenuka kuti athawe, koma anakagwera pachifuwa pa sajeni. Unyolo unati khetye.

"Zaka zisanu?" anatero sajeni. "Woweruza akhoza kukupatsani zomwezo."

M'matumba a jekete munapezeka makiyi a magalimoto ena anayi.

Khutu sanadikire kuona akumukweza. Anali atalowa kale kunsi kwa pikapu ndi sipanala, akukhetsera mankhwala aja m'beseni. Anawapekesa ndi zala, kufunafuna zinyenyeswa za chitsulo. Munalibe; injini inali itapulumuka. Anagona chagada pafumbi, maso ali tsinzinire, akupuma ngati wathamanga mtunda.

Mapazi a mayi wa mazira anaima pafupi ndi mutu wake. 

"Bambo," anatero mayiyo, mawu ali pansi, "mukamaliza, mundionerekonso mabuleki."