Mchombo wa Rozi

Amene amati ufiti ndi nkhani za anthu osapita kusukulu akhale pansi andimve kaye, akatero atsutse. Ine ndine Dyna Nambewe wa kwa Chiosya. Folomu 4 ndinalembera ku Ludzi, ndipo pa bayoloje panalibe wondiposa. Kalata ya kuchipatala ikavuta pamudzi pano amabwera nayo kwa ine. Ndiye musandiyese womva zam'maluwa.

Zinayamba madzulo ena mu Malichi, tikusoka fodya m'chigafa cha achimwene anga, a Alufeyo. Rozi, mwana wa malemu mkulu wanga, anali pambali panga. Mwadzidzidzi anataya masamba n'kudzipinda pakati, akubuula ngati mbuzi yozingidwa.

"Amayi, zayambanso."

"Uli kumwezi?"

"Eya. Koma taonani apa."

Anakweza bulawuzi. Mchombo unali utatupa, wakuda ngati nthudza, ndipo unkadontha magazi. Azimayi amene tinkasoka nawo anaimirira mmodzimmodzi n'kumapita osatsanzika.

Ankathawa chifukwa cha Luwiza, mwana wa mng'ono wanga. Nayenso mwezi uliwonse ankagubuduka pansi, ndipo mwamuna wake anamubweza kuti ndi chumba. Chaka chapitacho, atavutika masiku atatu, tinamupeza kudambo atauma, zala zitalowa m'matope. Chimene chinamupha palibe ananena. Tsono Rozi anali atakhala zaka zinayi pabanja ndi Joe wopanda mwana, ndipo aliyense ankaona kuti akutsata njira yomweyo.

Mphekesera zinali kale m'mudzi. Odutsa pachigafapo dzuwa likulowa ankati amamva kakhanda kakulira, kulira kopanda mphamvu, kosiyasiya. Ena ankati pamanunkha ngati pozingira ng'ombe. Fungolo nanenso ndinalimva, la magazi ogona, losakanikira ndi la fodya wouma. Agalu sankagonamo ngakhale mvula ikugwa. Fodya wa a Alufeyo ndiye ankalemera chaka chilichonse, wa anzawo akuwola pamikangala, iwo n'kumati ndi feteleza wa ku Zambia.

Ine sindinayambe ndi asing'anga ngati ena. Ndinamukweza Rozi minibasi pa Boma mpaka ku Lilongwe. Dokotala wake anali mtsikana, ndipo atamva mafunso anga anandikokera mpando.

"Matendawa ndi endometiriyosisi, mayi. Kanyama kofanana ndi ka m'kati mwa chiberekero kamamera pamalo polakwika, pamatumbo, pena pamchombo ngati apa. Mwezi ukakwana nakonso kamatulutsa magazi, koma alibe kolowera."

"Kamafikako bwanji?"

"Ena amati magazi akumwezi amabwerera m'mbuyo n'kukhuthukira m'mimba. Ena amati chitetezo cha m'thupi chimalephera kukachotsa. Pena kamatengedwa ndi mpeni wa opaleshoni."

"Uyu sanang'ambidwepo."

"Zimayendanso m'magazi. Akadwala mmodzi pabanja, abale ake aakazi amathanso kudwala."

"Nanga mwa zonsezi chenicheni n'chiti?"

"Kunena zoona, mayi, palibe amene akudziwa."

Anatipatsa mapilitsi ndi tsiku la opaleshoni, pakadutsa miyezi iwiri. Rozi m'minibasi anandinong'oneza kuti, "Miyezi iwiri sindifika, amayi."

Mutu wangawu sugona. Ndinaona chimene dokotala sakanaona: Luwiza ndi Rozi onse anabadwira m'manja mwa a Esitele, azamba akale a m'mudzi mwathu. Ndipo mukudziwa mwambo wake, kamchombo ka khanda kakagwa kamakwiriridwa mobisa, chifukwa woipa akakatola wagwira moyo wa mwanayo. Kulakwa kwanga kunali kumodzi, ndinakazinena pamjigo.

Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi, Joe ndi abale ake anali atafika kale kwa a Esitele. Ndinamva phokoso ndili kutali. Ndinapeza chitseko chili pansi, gogoyo atamukokera pabwalo ndi miyendo. Wina anamuponda pachifuwa, wina anamumenya ndi njerwa pakamwa, mano awiri n'kugwera mufumbi. Mng'ono wake wa Joe anali akutsegula kachigubu ka petulo.

Amuna a m'mudzi anangoima, manja kumbuyo. Ine ndinatola munsi pamtondo n'kumutchaya wa petuloyo pamkono mpaka fupa linalira. Kenako ndinaima gogoyo ali pakati pa miyendo yanga.

"Chokani, apongozi," anatero Joe. "Mwanena ndinu."

"Ndanena kuti anabadwitsa. Kuti analodza wamva kwa yani? Ukamuotcha, mchombo wa mkazi wako ukaufunsa kwa phulusa?"

A Esitele analavula magazi. Mawu ankatuluka movutika.

"Nambewe, mwana wanga, ine sindinasunge kanthu. Michombo ya mbumba yanu ankabwera kudzatenga ndi a Alufeyo. Ankati mwini mbumba ndi iwo, akwirira okha."

Kukwirira mchombo ndi ntchito ya azimayi, mwamuna sayandikirako.

Tinapita kuchigafa dzuwa lili pamutu, ine patsogolo, khasu lili m'manja. Sindinavutike kufuna. Patsinde pa mzati wapakati dothi linali lonyowa, pamene denga silinkadontha, ndipo nyerere zinali zitazungulira. A Alufeyo anali atakhala pakhomo akunola chikwanje.

"Nambewe, ukufuna chiyani m'chigafa mwanga?"

"Ana anga, achimwene."

"Ukakumba pamenepo usadzanditchulenso mlongo wako."

Ndinakumba. Khasu lachisanu linagunda chitini. Nditatsegula, fungo lija linatuluka lonse, mpaka mnyamata wina wa kwa Joe anasanza. M'katimo munali timitolo ta nsanza, tomangidwa ndi ulusi wosokera fodya. Koyamba kanali kouma gwa, ndipo ndinadziwa kuti ndi ka Luwiza. Kachiwiri kanali konyowa, kofunda, kakudontha magazi ofiira, pamene Rozi anabadwa zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo.

A Alufeyo sindinawamve akubwera. Ndinangoona mthunzi, n'kuphimba chitinicho ndi dzanja lamanzere. Chikwanje chinatsika, zala ziwiri zinagwera m'dzenjemo. Chachiwiri chinandipeza paphewa. Koma chitini sindinachisiye, ndinachigonera. Joe anawamenya ndi mpini kumsana, iwo anatembenuka n'kumutema patsaya, kenako analumphira m'chimanga. Anyamata anawathamangitsa mpaka kumtsinje, koma munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi anawasiya onse. Amalonda ena amati anawaona madzulo ake akudutsa njira yachidule yolowera ku Zambia, opanda nsapato. Mpaka lero sanabwerere.

Nditatuluka m'chipatala, ine ndi a Esitele tinakakwirira timitolo tiwirito pamalo amene sindingakuuzeni. Rozi anafika tsiku lake, anamuchita opaleshoni, anachotsa chotupa cha pamchombo ndi zina za m'mimba. Ali moyo, wanenepa, mwezi ukakwana amamwa mapilitsi n'kupita kumunda. Mwana sanabwerebe, ndipo dokotala akuti matendawa amatha kubwerera. Kaya chinamupulumutsa ndi mpeni wa ku Lilongwe kaya khasu langa, gawani nokha. Ine ndinagwira ntchito mbali zonse ziwiri, ndipo palibe wina m'mudzi muno akanatha.

Koma m'chitinimo munali kamtolo kachitatu. Nsanza yake ndinaizindikira, inali ya chitenje chimene ndinaberekera mwana wanga Tiyamike. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, sanathe msinkhu. Kameneko sindinakwirire, chifukwa pansi sindingakaone.

Ndiye amene amafunsa kuti ndinapindulanji, nazi: zala zisanu ndi zitatu, phewa losokedwa kasanu ndi kawiri, nkhuku imodzi ya chitopa imene Joe anabweretsa popepesa, ndi kamtolo kamodzi kamene ndimakamasula m'mawa uliwonse kuti ndione ngati kakadali kouma.