Kaseti ya Avelino

Zaka zimene nkhondo inavuta ku Mozambiki, Lusia anafika pa Chiponde, kumalire a Malawi, ndi zinthu ziwiri zokha: mtolo wa zovala ndi kawailesi ka kaseti. Mwamuna wake, Avelino, anatsalira ku Cuamba kumene ankagwira ntchito ya njanji. Anati abwera pambuyo.

M'kawailesimo munali kaseti imodzi. Avelino anapatsidwa kasetiyo ndi mmalinyero wina ku doko la Nacala. Oyimba ake anali anyamata anayi a ku Mangalande, a tsitsi lofika m'mapewa, amene ankayimba m'timabala ta pansi pa nyumba. Akuti anajambula chimbale chimodzi chokha, nkukangana, aliyense nkulowera kwake. Dzina lawo linali litafufutika kale pa kasetipo.

Kunena zoona, nyimbozo zinali zosavinika. Mayi Abiba, amene anapatsa Lusia kanyumba kuseri kwa kwawo, ankaseka mpaka kugwira nthiti.

"Inu a Lusia, gitala ameneyu akumupha kapena? Akulira ngati mbuzi yokodwa mumpanda!"

Lusia ankangomwetulira. Iye sankamvera azunguwo. Pakati pa nyimbo yachitatu, gitala akungoyamba kulira, nyimbo inkaduka. Tsiku lina kwawo Avelino anadina batani lofiira lojambulira mawu mosadziwa, ndiye pamalopo pankamveka mawu ake: "Iwe Lusia, ndadina chiyani apa?" Kenako kuseka kwa awiriwo, nkhuku ikulira chapatali. Lusia ankakhulupirira kuti bola mawuwo alipo, mwini wake ali moyo. Ankamusowa koopsa.

Madzulo ena a mwezi wa Juni mabatire anatheratu. Anawaluma, anawaika pafupi ndi moto, koma ayi ndithu. Anazimitsa koloboyi nkugona.

Pakati pa usiku anadzidzimuka. Kunali zii. Ngakhale agalu a pa chipata cha malire sankauwa.

Kenako anamva mluzu.

Unkachokera kunjira ya kumalire. Munthuyo ankayenda pang'onopang'ono, akukoka mwendo. Mluzuwo unali wa nyimbo yachitatu ija. Lusia anakhala tsonga. Anadikira kuti ufike poduka paja.

Sunaduke. Unapitirira, nkukwera, nkutsika mokoma, kuyimba chigawo chimene Lusia anali atachiiwala kalekale. Pa Chiponde ponse panalibe munthu woti nkuchidziwa.

Mapazi anaima pakhomo.

Go. Go.

"Ndani?"

Palibe anayankha. Pansi pa chitseko pankalowa kafungo ka girisi wa sitima, kamene kankakhala m'malaya a Avelino ngakhale uwachape bwanji.

Lusia anagwira mpiringidzo. Koma masiku amenewo wogogoda usiku osanena odi ankabwera ndi mfuti. Dzanja linakana. Anaima pomwepo, misozi ili chuchuchu, mpaka mluzuwo unayambanso. Unabwerera kumene unachokera, nkuzimirira.

Azana yoitanira mapemphero a m'bandakucha itamveka kumzikiti, anatsegula. Pabwalo, pamene anasesa dzulo lake, panalibe phazi la munthu.

Anathamangira kwa mayi Abiba. "Ndibwerekeni mabatire a mutochi yanu, chonde."

"Kwacha ndi mbuzi yanu ija?" Koma mayi Abiba atamuyang'ana kumaso, nthabwala inathera pakamwa. Anamutsatira.

Nyimbo yoyamba inatha. Yachiwiri inatha. Yachitatu inayamba, gitala nkuyamba kulira. Lusia anatseka maso.

Gitalayo analira mpaka kumapeto, osaduka paliponse. Panalibe funso lija, panalibe kuseka, panalibe nkhuku. Anabweza kaseti, nkuyambanso. Chimodzimodzi. Azungu aja ankangoyimba nyimbo yawo yonse bwinobwino, ngati sinakhudzidwepo.

Mayi Abiba anakhala pansi pa mkeka, nakoka mpango wawo kumutu. Anayankhula motsitsa mawu.

"Mwanawe, usadzitsutse kuti sunatsegule. Sanabwere kudzakhala ayi. Anabwera kudzatenga mawu ake."

Lusia anazimitsa wailesi ija. Patapita nthawi anafunsa ngati pa msika wa Chiponde pamapezeka nsalu yakuda.